Tsiku la Maswiti la a Maureen

Tamanda, chotsa timawaya m'makutumo. Mwayi, choka pawindopo, bwera ukhale apa. Galimoto yonyamula katunduyo sichoka msanga, anyamatawo angoyamba kumene kutulutsa mipando. Mupita kukatsanzikana nawo a Maureen, sindikukanizani ayi. Koma muyambe mwandimvera ine. Ndilankhula Chichewa, ndipo musandikwinyire nkhope, ndikudziwa kuti mumamva bwinobwino, makamaka ndikamanena za chakudya.

Pali chinthu chimene sindinauzepo munthu m'nyumba muno, ngakhale mayi anu. Zaka zonse zimene ndakhala muno mu Hull, ndakhala ndikuwachitira nsanje a Maureen, mayi a khomo linalo.

Eya, seka Mwayi. Nkhalamba ya mano owerengeka kuchitira nsanje nkhalamba inzake. Koma ndi zoona.

Mayi anu atandiitana kuti ndidzathandize kukulerani iwo akamapita kuntchito kuchipatala, ndinanyamuka ku Blantyre mtima uli dyokodyoko. Ndinkati ndikapeza adzukulu anga ali ndi njala ya agogo. Ndinafika kukuzizira, nyumba zomatana ngati mabogi a sitima, mphepo yochokera kumtsinje ikulowa mpaka m'mafupa. Tsiku lachiwiri lomwe, iwe Tamanda ukuchokera kusukulu, ndinakudikira pakhomo manja ali chitambasulire. Sunandione n'komwe. Unathamangira kumpanda kumene kunaima mayi wachizungu wa tsitsi loyera, uku ukukuwa kuti, "Nana! Nana!"

Ndinafunsa mayi anu ngati Nana ndi dzina la mayiwo. Anati, "Ayi amayi, kuno Nana ndiye kuti agogo."

Ndinangoti, "Oo." Mpando umene ndinauyendera mtunda wonsewo ndinapeza atakhalapo kale wina.

Ndipo mayiwo sanali oipa, n'chimene chinkandipweteka kwambiri. Akanakhala amwano ndikanapeza podana nawo. Koma m'mawa uliwonse ankandipatsa moni pampanda, n'kumanditcha "lavu". Poyamba ndinkadabwa kuti mayi ameneyu akundifunsira kodi? Chingerezi ndimachidziwa ine, ndinalera ana a azungu ku Blantyre mpaka tsitsi kuyamba imvi, koma cha ku Hull chimatuluka ngati munthu wavumata mbatata yotentha. Ndinkangogwedeza mutu. Inu ndiye mumamvana nawo, mumaseka nawo, ndipo m'thumba la epuloni yawo simunkasowa maswiti aja a mizere yakuda ndi yoyera. Ine m'thumba mwanga munali mapilitsi a shuga. Onani mmene dziko limasekera munthu: ndili mwana ndinkalota shuga osamuona, lero mashopu adzaza mpaka kudenga, adokotala akuti ndikangolawa ndidulidwa mwendo. Inunso ndimakuchitirani nsanje, musaganize kuti mwapulumuka. Mumaluma chokoleti kamodzi n'kuchisiya pansi pa mpando.

Koma nsanje yeniyeni inabwera chaka chako chomaliza ku pulayimale, Tamanda. Aphunzitsi anakutumani kuti aliyense apeze munthu wokalamba, amufunse mmene ankadyera nkhondo yaikulu itangotha. Ndinamva ukuuza mayi ako. Mawa lake ndinasamba molawirira, ndinavala chitenje changa cha kutchalitchi ndi duku, ndinakhala pabalaza kukudikira. Unatsika masitepe kope lili m'manja, unati, "Bayi Agogo," n'kutuluka. Ndinamva ukugogoda khomo linalo.

Kunali kotentha tsiku limenelo, ndiye munakakhala kuseri kwa nyumba yawo. Ine ndinatenga zovala zouma kale, n'kukayamba kuziyanikanso kufupi ndi mpanda. Malaya amodzi a bambo anu ndinawayanika katatu. Ndipo tsiku limenelo Chingerezi cha ku Hull ndinachimva chonse, liwu ndi liwu. Nsanje imatsegula makutu.

A Maureen anakuuza kuti ali mwana, banja lililonse linali ndi kabuku ka makuponi. Inu simudziwa, koma kwathu makuponi timawadziwira pa feteleza. Kuno anali a nyama, a batala, a tiyi, a shuga, ngakhale a maswiti. Nkhondo inatha koma kabukuko sikanathe, kanakhalabe zaka ndi zaka. Mwana ankapatsidwa timaswiti tosadzaza chikhatho kuti timukwanire mlungu wonse. Ndiye tsiku lina m'nyengo yozizira, chaka chimene mfumukazi inavekedwa chisoti, boma linalengeza kuti maswiti amasulidwa, aliyense agule mmene angathere. A Maureen anati ana onse a mumsewu mwawo anathamangira kushopu ya pakona sukulu isanayambe, mzere unakhota mpaka kuseri kwa nyumba zogumuka ndi mabomba. Iwo analowa, anagula tofi, anagula zakuda zija zokoka ngati lamba, anadzaza matumba onse a jasi, anadya mpaka kusanza kuseri kwa kalasi. Inu awiri munaseka mpaka kugwa. Mwayi unalipo iwe, unkawauza kuti abwerezenso pamene anasanza paja.

Madzulo ake ndinayesa mwayi wanga. Ndinati, "Tamanda, inenso nthawi imeneyo ndinaliko."

Unandiyankha m'Chingerezi, mwaulemu ndithu, sindikukunamizira mwano. Unati, "Pepani Agogo, aphunzitsi akufuna za nkhondo yeniyeni, ya kuno."

Usagwetse nkhope, mwana wanga, unali wamng'ono. Koma lero umva zimene sunandifunse.

Nkhondo yeniyeniyo abambo anga anaimenya. Anatengedwa pa sitima ya pamadzi kupita kunkhalango za kutali kukamenyera mfumu yomweyi ya kuno, anabwerako ndi mwendo wotsimphina ndi nsapato za jombo zimene sankalola munthu kuzikhudza. Ine ndinabadwa atangobwera kumene. Tinkakhala pa esiteti ya tiyi ku Thyolo, iwo ali mlonda, amayi akuthyola tiyi dengu lili kumsana. Tiyi amene a Maureen ankagula ndi kuponi, mwina ndi yemweyo amene amayi anga ankathyola mame akuwanyowetsa mpaka m'chiuno. Kusiyana kwake n'kwakuti a Maureen ankamumwako.

Ifenso tinali ndi muyeso wathu, tinkautcha phoso. Loweruka lililonse antchito ankaima pamzere, kapitawo n'kumawayezera ufa, nyemba ndi mchere. Shuga panalibe pamndandanda. Shuga ankadutsa pa lole kupita kunyumba ya abwana. Kutsekemera kwathu kunali kwa nzimbe, misale, masuku mvula ikayamba, ndi uchi ngati wina walimba mtima kulumidwa. Musamve ngati ndikudandaula, masuku a ku Thyolo simungawayerekeze ndi timabulosi tanu ta m'pulasitiki. Koma mwana safuna chimene ali nacho. Ku Luchenza kunali sitolo ya Mmwenye, pakauntala pali botolo lalikulu lagalasi lodzaza maswiti ofiira, obiriwira ndi achikasu. Amayi akamagula palafini, ine ndinkangoliyang'ana botololo mpaka maso kuchita misozi.

Abambo anali ndi akazi awiri. Amayi anga anali aakulu, ndipo kwa amayi aang'ono kunali mtsikana wa msinkhu wanga, Esinati. Tinasiyana miyezi yochepa chabe. Iye anali wamtali, wothamanga, wa mpata kumano, ndipo abambo ankamunyamula paphewa. Ine ndinali wamfupi ngati mmene mukundioneramu.

Pa Khirisimasi, ana onse a antchito tinkaitanidwa kunyumba ya abwana. Tinkaima pa kapinga, dona n'kutuluka pakhonde ndi chitini, n'kuyamba kuwaza maswiti ngati mmene timawazira nkhuku chimanga. Chaka chimenecho, chomwecho chimene a Maureen amanena, ndinakonzeka mlungu wonse. Ndinasankhiratu poima. Koma dona atangotambasula dzanja, ndinagwetsedwa, wina anandiponda pakhosi, ndipo podzuka pa kapinga panalibe kanthu koma timapepala. Esinati anatola atatu.

Tili m'njira abambo anati, "Esinati, mugawire m'bale wako."

Esinati anawayang'ana, anandiyang'ana ine, kenaka anamasula maswiti onse atatu n'kuwanyambita imodziimodzi. Atatero ananditambasulira dzanja, nati, "Sankha." Abambo anaseka mpaka kutsamira mtengo. Anati mwanayu ndi wochenjera, adzakhala loya. Ine ndinakana, chifukwa amayi anga ankayang'ana, ndipo mwana wa mkazi wamkulu sadya malovu a kwa mkazi wamng'ono.

Awiri anadya tsiku lomwelo. Yachitatu, yofiira, anaisunga kuti andizunze nayo. M'mawa uliwonse ankaitulutsa, n'kuiyamwa pang'ono pamaso panga, n'kuikulunganso m'tsamba. Kenaka ankanditulutsira lilime lili psuu. Masiku asanu, ana inu. Ndinkalota lilime la Esinati. Tsiku lachisanu ndi chimodzi ndinamuona akuisomeka mu udzu wa denga la khitchini ya mayi ake. Onse atapita kumtsinje ndinakwera pa mtondo, ndinapisa dzanja, ndinaipeza. Inali itachepa ngati nyemba, ndipo nyerere zinali zitaikuta yonse, bii. Sindinazisase n'komwe, ndinkaopa kuti ndiigwetsa. Ndinaponya m'kamwa ndi nyerere zomwe.

Mwayi, usachite nseru. Ndikukuuza kuti sindinalawenso chinthu chokoma ngati chimenecho. Zinandiluma lilime, koma ndinayamwa mpaka kutha.

Lilime lomwelo ndi limene linandigwiritsa. Abambo anangoti, "Yasamula." Anandikwapula ndi lamba wa usilikali, amayi awiriwo anatukwanizana mpaka anthu kusonkhana, ndipo Esinati sanandilankhule mpaka chimanga chinacha. Tinadzagwirizana tili akuluakulu, ndiye anandilandirira mayi anu tsiku limene ankabadwa. Koma ngakhale pa matenda ake omaliza, ndikumumwetsa phala, anatsegula diso limodzi nati, "Wakuba switi." Tinaseka, mawa lake anapita.

Imeneyo ndiye nkhani imene ndinavalira duku tsiku lija. Iwe Tamanda unakalemba ya a Maureen, aphunzitsi anaikonda, anaipachika pakhoma la sukulu pamodzi ndi chithunzi chako uli ndi a Maureen. Mayi anu anabweretsa china n'kuchimata pa filiji. Ndinkatsegula filiji imeneyo nditayang'ana kumbali.

Ndiye ndinayamba zauchitsiru, ndivomere. Maswiti amene ankakupatsani ndinkawabisa m'chitini cha mpunga. Ndinauza mayi anu kuti mzunguyu akuwononga mano a ana. Akandipatsa moni pampanda ndinkachita ngati mphepo yandigonthetsa. Kutchalitchi ndinkaimba nawo za kukonda mnzako, pobwera pa basi n'kumapemphera kuti ndisakumane nawo pageti.

Zinasintha chaka chathachi, a Maureen atagwa m'bafa n'kuthyoka chiuno. Iwo atabwerako kuchipatala, mayi anu anaphika mandasi nati, "Amayi, kawapatsireni, ine ndachedwa kuntchito." Ndinakana, anandiyang'ana mmene mumawadziwira muja, ndinanyamula mbale.

Aka kanali koyamba kulowa m'nyumba mwawo. Munali zii, koloko yokha. Pakhoma panali zithunzi zanu zambiri kuposa za mwana wawo weniweni amene amakhala ku Australia. Ndinaziwerenga ndi maso, mtima n'kumatentha. Anandiuza kuti ndikhale, ndipange tiyi. Kenaka anatulutsa maswiti aja m'thumba nandipatsa imodzi.

Sindikudziwa chimene chinandigwira. Ndinati, "Sindidya. Ndipo inu a Maureen muli ndi mwayi. Munavutika, inde, koma munali ndi tsiku. Boma lanu linanena kuti lero kusowa kwatha, thamangani. Ife tsiku limenelo silinabwere. Palibe amene anaima pakhonde kunena kuti phoso latha, idyani mmene mungathere. Ndipo pamwamba pa tsikulo mwatenganso adzukulu anga."

Ndinalankhula zonse, za dona, za Esinati, za nyerere, m'Chingerezi changa cha ku Blantyre. Ndinkayembekeza kuti andithamangitsa. Iwo anangotembenuzatembenuza switi ija m'zala.

Kenaka anati, "Sindinalowe m'shopumo, lavu."

Ndinati, "Mwati bwanji?"

Anati, "Sindinalowe. Abambo anga ankagwira ntchito m'zombo zopha nsomba kunyanja yozizira. Chombo chawo sichinabwerere, miyezi ingapo tsikulo lisanafike. Tinatsala ana anayi, amayi akuchapa zovala za anthu. Makuponi a maswiti amayi ankasinthanitsa ndi aneba kuti tipeze zofunika. Tsiku limenelo ndinathamanga nawo anzanga, ndinaima nawo pamzere, chifukwa ndinkachita manyazi kutsala. Nditafika pakhomo la shopu, m'thumba mulibe ndalama, ndinanamizira kumanga nsapato, n'kupatuka. Ndinaima pawindo kuwaonerera. Amene anadzaza jasi n'kusanza kuseri kwa kalasi anali Jean, mnzanga wa pabenchi limodzi. Pamene kunali makuponi, tonse tinali ofanana. Atachotsa makuponi m'pamene zinaoneka kuti wosauka ndi ndani."

Ndinafunsa kuti nanga anamuuziranji mwana zabodza.

Anati, "Anabwera ndi kope latsopano, maso akuwala. Ndikanamuuza za pawindo? Komanso nkhani ya Jean ndainena zaka zambiri, mwina tsopano ndi yanga. Ndinamuda Jean moyo wanga wonse chifukwa cha kusanza kumeneko."

Tsopano mverani pamene pali tchimo langa. Mukuganiza kuti ndinamva chisoni? Chisoni chinabwera, koma mochedwa. Choyamba chimene ndinamva ndi chimwemwe. Mtima unati, eya, nayenso sanadye! Mulungu andikhululukire, ndinamwetulira, ndipo a Maureen anandiona. Anandiloza ndi chala nati, "Wakondwa, mfiti iwe." Tinaseka awiriwiri, iwo atagwira chiuno chothyokacho, misozi ikutsika, osadziwa kuti ndi ya chiyani. Switi ija tinaiswa ndi supuni, ndinadya theka. Adokotala musakawauze.

Kuyambira pamenepo ndinkapita masana aliwonse inu muli kusukulu. Simunadziwe, eti? Mumaganiza kuti agogo amangokhala pa TV. Ndinkawapesa tsitsi, iwo n'kumandiphunzitsa mayina a nsomba. Koma musaganize kuti nsanje inatha. Mukamabwera kusukulu ndimamvetserabe kuti muyamba kugogoda khomo liti.

Anandipempha kuti ndisakuuzeni, ndipo ndasunga chaka chathunthu. Ndaulula lero chifukwa mutu wawo wayamba kusokonekera, n'chifukwa chake mwana wa mchemwali wawo akuwatengera kunyumba yosamalira okalamba ku Rotherham. Masiku ano nkhani ziwirizi zimawasakanikira. Lachitatu anandiuza ya tofi, akuseka. Dzulo anandiuza ya pawindo, ndipo analira ngati kamwana, akundifunsa ngati Jean watuluka m'shopu. Sindikudziwa imene mukaipeze lero.

Ndiye tamverani. Akakakuuzani ya tofi, mukaseke ngati mmene munasekera tsiku lija, ndipo iwe Mwayi ukawapemphe abwereze posanza paja. Akakakuuzani ya pawindo, pasapezeke wonena kuti, "Koma Nana, munatiuza zina." Tamanda, ndikuona nkhope yako, ukuganiza za pepala lako la pakhoma la sukulu. Silinali labodza lonse. Mzere unalipo, kuzizira kunalipo, shopu inalipo. Iwo anangosuntha kamtsikana kamodzi kuchoka panja kukalowetsa m'kati. Ukadzakalamba udzaona kuti ndi ntchito yaing'ono bwanji imeneyo, ndiponso mmene munthu amaifunira.

Imvani, atseka chitseko cha galimoto. Mwayi, tenga jasi langa kuseri kwa chitseko, ndi ndodo. Inde, ndikupita nawo, mumaganiza kuti ndikutumizani nokha? Masitepe awo ndi oterera, wina ayenera kuwagwira dzanja potsika. Iwe Tamanda ukawagwire, ndiwe wamkulu. Koma mmodzi yekha, mwamva? Mwayi, iwe ugwira ine.